Dona ndi Dzanja la Wometa

"Dzanja ili," anatero Shehata wometa, atalikweza m'mwamba ngati mboni ya kukhoti, "palibe cholengedwa cha m'Nyanja Yofiira chimene chingalilume. Kuyambira pa Suwezi pano mpaka kumene madzi amathera. Zonse zimalidziwa, zikaliona zimagwada."

Pabenchi panali anthu anayi odikira lumo, ndipo wachisanu anali a Haji Bayumi, amene sadikira chilichonse. Iwowa anapuma ntchito ya padoko kalekale, mutu wawo uli see ngati dzira, koma salephera kufika kwa wometa m'mawa uliwonse.

"Ngakhale shaki, a Usta?" anafunsa a Haji. Usta ndi mmene timatchulira mmisiri kuno, ngakhale mmisiri wa pakamwa.

"Shaki sinabwerebe kudzameta. Ikadzabwera mudzaona. Koma taonani uyu, amene anatupitsa mkono wa malemu mlamu wanga mpaka malaya osalowa. Taonani nokha!"

Anapinda malaya, napita pa thanki yagalasi imene inali pafupi ndi khomo, naviika dzanja m'madzi, n'kuyamba kumusisita Dona ngati akusisita mphaka.

Dona si nsomba, komanso si duwa, ngakhale osadziwa amamutchula duwa la m'nyanja. Ndi nyama. Amaoneka ngati chiguduli chobiriwira chachikulu ngati mbale ya alendo, chopindikapindika m'mphepete, chodzaza ndi tizala tating'onoting'ono zikwizikwi, ndipo pakati pali kakamwa kamodzi. Pansi ali ndi phazi limodzi lomatirira pamwala. Tizala takewo timamata ngati ulimbo ndipo timaluma. Tinsomba tiwiri tachikasu tamizere yoyera, timene timagona mwa iye, ndi tokhato timene amatikhululukira. Alibe maso, alibe makutu, alibe ubongo, ndipo ena mumsewu muno amati n'chifukwa chake Shehata amamuona ngati mnzake.

Koma Dona sanali wa Shehata. Anali wa Gaber, mwamuna wa mlongo wake wamkulu Fawzeya. Gaber ankagwira ntchito yomira pansi pa sitima zapamadzi n'kumapala nkhono, ndipo anabwera naye m'chidebe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, masiku amene munthu ankatola chinthu m'nyanja popanda womufunsa mafunso. Gaber atamwalira, Fawzeya anasamukira m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya mlongo wake. Thanki inakana kukwera masitepe, ndiye inatsala pansi, pakati pa malumo ndi mabodza.

Ndiye dzanja lija lili m'madzi, anthu akuti "Mulungu ndi wamkulu," pakhomo panaima Fawzeya, chikwama kumanja, nkhuku yamoyo kumanzere. Ankachokera ku mzinda wa Zagazig kumene anakhala masiku khumi akudikirira matenda a mdzukulu wobereka.

Anayang'ana dzanja. Anayang'ana Dona. Nkhuku inagwa pansi.

Gaber anali ndi mawu amodzi amene ankawanena kawirikawiri, akupaka mafuta pamkono wotupa uku akuseka. Ankati, "Mayi a Hossam, bola akundiluma. Tsiku limene Dona adzakulole kumusisita, udziwe kuti akufa."

"Chotsa dzanja lakolo," anatero Fawzeya.

"Achemwali! Takulandirani, mwawalitsa msewu! Mwana wabadwa? Wamwamuna?"

"Ndati chotsa dzanja lakolo, bulu iwe!"

Anamukankha ndi chigongono, namatiza nkhope pagalasi. Kukamwa kwa Dona, kumene nthawi zonse kumakhala kotseka ngati kwa mkazi wodziwa chinsinsi, kunali yasa, zam'kati zoyera zikuonekera. Thupi linali lafwafwa ngati buledi wogwera m'tiyi. Tinsomba tija tinamuthawa, tinali titaunjikana pangodya. Ndipo mbali imodzi panali tizigoba ta nkhono tosanjidwa bwinobwino, timene Fawzeya sanatisiyepo.

Anatichotsa ndi supuni ya tiyi. Pansi pake panali bala long'ambika kutalika ngati chala, m'mphepete mwake mutasanduka zamafinyamafinya zabulauni. Fungo linakwera pamwamba pa madzi. Fawzeya anakolopa ndi kusambitsa odwala m'chipatala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo fungo limenelo ankalidziwa kuposa la mkate.

"Chinkhupule chotchinga pampu ya m'thankimu chili kuti?"

Shehata anayang'ana kudenga. "Chinkaonetsa umve, achemwali. Ino ndi shopu ya anthu olemekezeka."

"Nanga mwala wake wausuntha ndani?"

"Ndinangomubweretsa kutsogolo kuti odutsa azimuona. Kukongola kobisa kumapindulira ndani?"

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ngati dzino lozulidwa ndi wosadziwa. Dona akanyansidwa ndi malo amanyamuka, kuyenda ndi phazi lake limodzi lija, ndipo anayenda mpaka kukafika pakapampu kozunguza madzi, kamene kanali kovula. Kanamumeza mbali imodzi. Shehata atamupeza anamukoka ndi manja, namubwezera pamwala, nabisa balalo ndi nkhono. Patsiku lachitatu anazindikira kuti akamugwira sakumuluma. Munthu wina akanachita mantha. Shehata anaitana anthu.

"Wakhala ukuitanira anthu maliro n'kumati ndi ukwati," anatero Fawzeya. "Ukusisita mtembo n'kumadzitcha mfumu ya nyanja. Chinthu chokhacho chamoyo chimene mwamuna wanga anandisiyira!"

"Nanga mwana wanu Hossam?" anafunsa a Haji Bayumi mofatsa.

"Hossam ali ku Kuwait, amaimba foni pa chikondwerero pokha! Inu a Haji, khalani chete, mumaonerera zonsezi!"

Anatuluka osavula nsalu ya paulendo, nalunjika kusitolo ya mankhwala ya a Girgis, amene tonse timawatchula dokotala chifukwa amavala choyera.

"Wodwalayo ali ndi zaka zingati?" anafunsa a Girgis osadzutsa mutu.

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuwerengera pamene tinamudziwa."

"Wamkazi?"

"Mwamuna wanga ankati ndi wamkazi."

Apa a Girgis anavula magalasi. "Mayi a Hossam, musandiuze kuti ndi Dona."

Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu, ndipo pa dzina la Shehata analemba mtanda pachifuwa. Anati malemu Gaber anabweranso ndi vuto lomwelo chaka chija magetsi anathima masiku atatu, ndipo iwo ankakumbukira zonse. Anatulutsa mapiritsi opha tizilombo, omwe aja amapatsa anthu odwala chikhodzodzo.

"Mumupatule, akhale yekha m'kathanki kakang'ono. Madzi atsopano tsiku lililonse, onse, osati theka. Kumzikiti akaitana swala ya kulowa kwa dzuwa, musungunule theka la piritsi, muthire, muthimitse nyali. Mankhwalawa amadana ndi kuwala. Masiku asanu ndi awiri osadumpha, ngakhale aoneke ngati wachira. Ndipo chakudya ayi."

"Chakudya ayi."

"Ngakhale kachidutswa. M'mimba mwake ndi mmene muli nkhondo. Koma ndikuuzeni zoona, mayi. Malemu anamupulumutsa chifukwa anafulumira. Inu mwachedwa ndi masiku asanu."

"Sindinachedwe ine. Anandichedwetsa ndi mwana wa mayi anga."

Kumbuyo kwa shopu kuli kachipinda koyanikamo matawulo, ndipo kumeneko n'kumene kunasanduka chipatala. Fawzeya anafukula kathanki kakale ka Gaber pansi pa bedi, nakatsuka ndi madzi okha. Anakulunga kapampu ndi chinkhupule kawiri, namanga ndi ulusi. Pomunyamula Dona panalibe ntchito, pakuti phazi linali litasiya kale mwala. Anabwera m'manja mwake ngati chiwindi cha pamsika, osaluma, osamata, ndipo Fawzeya analuma mlomo kuti asalire pamaso pa mlongo wake.

Madzi ndi amene anamuthyola msana. A padoko ali ndi mafuta a sitima, a kugombe la mumzinda ali ndi zimene tonse timadziwa. Ankakwera minibasi m'mamawa ndi zigubu ziwiri mpaka kupitirira mafakitale, kumene madzi amaonetsa mchenga, n'kulowa mpaka m'mawondo, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Pobwera anyamata a minibasi ankamuseka kuti mayi akusamutsa nyanja pang'onopang'ono. Iye ankawauza kuti akamaliza nyanja adzabwerera amayi awo kuti awaphunzitse kulera.

Shehata sananyamule chigubu ngakhale chimodzi. Anati msana wa wometa ndi chuma cha banja.

Koma kuno kwathu matenda sabisika, ndipo munthu amene sanakazonde wodwala amayenda chozolika mwezi wathunthu. Tsiku lachiwiri anthu anayamba kufika. Wogulitsa nyemba wa pangodya anabwera ndi malalanje. Wokonza mawayilesi anabwera ndi magwafa. Akazi a Haji Bayumi anatumiza mphika wa msuzi wa nkhuku, wotentha, atauphimba ndi nsalu. Ankalowa awiriawiri m'kachipinda kaja, n'kuima pamaso pa kathanki manja ali pamimba, n'kunena kuti, "Mulungu akuchizeni, zoipa zikupiteni kutali." Shehata ankawalandira pakhomo ndi nkhope ya mwini matenda, akuusa moyo, uku akusenda malalanje a wodwala.

"Sakugona, a Usta athu," ankatero anthuwo potuluka. "Taonani maso."

Fawzeya ankamva zimenezi ali chogwada, akupopa ndi kapaipi zonyansa zakuda zimene Dona ankalavula, madzi amchere akumulowa m'kamwa. Mtima unkamuwira ngati mphika wa tiyi wa Shehata, umene suchoka pamoto.

Tsiku lachitatu atabwera ndi zigubu zake anaona chinthu chikunyezimira m'kathanki. Kanali kadzanja ka mkuwa, kaja timapachika pakhomo kapena pachifuwa cha khanda kuti diso la nsanje libwerere kwa mwini wake. Kanali lende pa ulusi, m'madzi, chala chimodzi pamwamba pa bala.

Anakavuula ngati akuvuula chinkhanira m'bedi la mwana, nathamanga nako kushopu.

"Ndani?"

Shehata anali pakati pa ndevu za munthu. "Ndi diso, achemwali. Ndaganiza bwino. Pampu ija yakhala zaka zingati osaluma munthu? Ndi diso la wometa wa kutsidya kwa msewu uja. Anadutsa pano Lachiwiri, anati 'chokongola bwanji' osatchula dzina la Mulungu."

"Mkuwa ndi poizoni kwa iye! Gaber sankalola ngakhale ndalama yachitsulo kugweramo! Wakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Kuyambira pamene munatuluka. Koma ndi ka mayi athu, kodalitsika."

"Mayi athu anakupachika kameneka m'khosi zaka zisanu, ndipo taona chimene chinatuluka!"

Munthu wa ndevu uja anaseka mpaka sopo kumulowa m'mphuno. Fawzeya anataya madzi onse, nathira atsopano, ndipo chifukwa madzulo kunkafunikanso ena, anabwerera kugombe kachiwiri tsiku lomwelo, dzuwa lili paliwombo.

Komabe Dona anayamba kulimba. Tsiku lachinayi fungo linachepa. Anafufuma pang'ono masana, ndipo zabulauni za pabala zinasiya kufalikira. Fawzeya sanauze munthu, poopa diso lenilenilo, limene ndi pakamwa pa mlongo wake.

M'mawa wa tsiku lachisanu anapeza madzi ali mbuu ngati otsukira mpunga. Dona anali ataphwa, kukamwa kuli yasa kuposa tsiku loyamba, ndipo pambali pake pankayandama chinthu chotuwa chokutidwa ndi mamina. Anachitola ndi supuni, nachinunkhiza. Chinali chiwindi cha ng'ombe. Chokazinga. Ndi tsabola.

Sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono kupita kushopu, supuni ili patsogolo, naiika pansi pa mphuno ya Shehata.

"Achemwali, tamverani kaye..."

"Ndikumva."

"Masiku anayi! Masiku anayi wodwala ali m'nyumba mwanga osalawa kanthu! Anthu akundifunsa, a Usta, wadya chiyani lero, ine ndiziti chiyani? Kuti kwa Shehata odwala timawagoneka ndi njala? Bambo athu akanatuluka m'manda! Ndinangomupatsa kachidutswa ka sangweji yanga, ndi mtima woyera. Chiwindi chimawonjezera magazi."

"Alibe magazi."

"Ndiye n'chifukwa chake akudwala!"

"Zoona zimenezo," anathirira ndemanga a Haji Bayumi. "Munthu wopanda magazi..."

"A Haji, ndimakulemekezani chifukwa munakaona Nyumba ya Mulungu. Musandichititse kuiwala." Anatembenukira kwa Shehata. "Iwe. Ndinakubereka kumsana uku mpaka unandikodzera kokwana chaka. Ndinakupukuta mamina ndi nsalu yanga. Ndinanama kwa bambo pamene unameta mbuzi ya aneba. Sindinakupemphe kanthu moyo wanga wonse. Ndinangoti, Shehata, ndikupita masiku khumi, usagwire chilichonse. Chilichonse! Ntchito yosagwira kanthu, imene waidziwa chibadwire, yakukanika lero?"

"Ino ndi shopu yanga," anatero Shehata, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Fawzeya anapita kwa wogulitsa zitsulo, nagula loko wamkulu ngati wa pasitolo ya golide, namukhoma pachitseko cha kachipinda kaja. Kiyi anamumanga pa ulusi womwe uja wa kadzanja ka mkuwa, namuvala m'khosi. Matawulo a shopu anayamba kuyanikidwa pamsewu.

A Girgis atamva za chiwindi anati ayambirenso kuwerenga masiku asanu ndi awiri.

Madzulo a tsiku limenelo, kumzikiti ataitana, Fawzeya anathira theka la piritsi, nathimitsa nyali, nakhala pampando m'chisisira, mawondo akumubaya.

"Tamvera, mkazi mnzanga," anatero kwa Dona. Ndi mmene ankamutchulira kale ponyoza, masiku amene Gaber ankati akalowa m'nyumba amayamba wapereka moni kuthanki. "Sindinakukondepo, ukudziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri unkadya nsomba yabwino ine ndikudya mitu. Ankakuyankhula mawu amene ine sanandiuzepo. Tsopano ukufuna kumutsatira, mukakhale awiriwiri kumeneko, ine nditsale kuno ndi bulu? Sizitheka. Ngati ine ndikupirira, nawenso upirira."

Kaya Dona anamva, kaya ndi mapiritsi a chikhodzodzo, zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Patapita masiku atatu madzi anayamba kukhala oyera mpaka m'mawa. Tsiku lotsatira Fawzeya anapendeketsa kathanki ndipo Dona sanatsetsereke, phazi linali litagwira galasi. Bala linayamba kukokana, m'mphepete mwake mutayera ngati chipsera cha munthu. Kukamwa kunatsekeka pang'onopang'ono mpaka kunabwerera kukhala kakamwa kodziwa chinsinsi.

Koma m'mawa uliwonse Fawzeya ankatsuka chala chake m'madzi a m'nyanja, n'kuchiika pa tizala tija, n'kudikira. Chala chinkabwerako chokha, osagwidwa. Anaona odwala ambiri m'chipatala amene amadzuka, n'kupempha tiyi, n'kupesa tsitsi, mawa lake bedi n'kukhala lopanda munthu. Mawu a Gaber sankamuchoka m'khutu. Mapiritsi anatha Lachitatu. Lachinayi chala chinabwerakonso chokha. Lachisanu m'mawa anamva ngati chinachake chamukoka pang'ono, koma zala zake zinali zitauma ngati chikopa cha ng'oma ndi zaka za chikolopa ndi masabata awiri a mchere, ndipo sanazikhulupirire. Mtima ukafuna chinthu umanamiza ngakhale chala.

Kutsogolo, kuseri kwa khoma, nkhani inali itakula. Shehata ankasuzumira pakazenera ka kumwamba atakwera pampando, ndipo zimene ankaona ankazigulitsa pabenchi. Poyamba anati iye ndi amene analangiza za mapiritsi. Kenako anati dokotala Girgis anachita kudzamufunsa nzeru. Pofika Lachinayi zinamveka kuti anamuchita Dona opaleshoni ndi lumo lake la ku Germany, mlongo wake atamugwirira nyali uku akulira.

"Achemwali amathandiza, osawanyoza," ankatero. "Amatunga madzi."

Fawzeya anamva mawu amenewa ali pakhomo ndi zigubu ziwiri, mapewa akuyaka moto. Anaziika pansi. Anayang'ana lumo limene linali pashelefu, nayang'ana khosi la mlongo wake, natchula dzina la Mulungu katatu, n'kunyamulanso zigubu zake. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, koma ya Shehata inkaoneka kuti anaikunga ndi chikopa cha mvuu.

Lachisanu lomwelo, anthu atatuluka mumzikiti, Shehata anaimika tebulo pamsewu nayamba kugawa chakumwa chofiira cha shuga, chija timagawa pa chinkhoswe kapena wodwala akatuluka m'chipatala. Sanamuuze mlongo wake. Fawzeya anali m'kachipinda kaja akusintha madzi, chitseko chili chotsekula chifukwa manja onse anali pachigubu, pamene anamva phokoso likubwera. Potembenuka, pakhomo panali podzaza ndi amuna ovala zoyera za Lachisanu, aliyense ndi tambula yofiira m'manja, Shehata ali patsogolo ngati mkwati. Ngakhale wometa wa kutsidya kwa msewu analipo, ataitanidwa dala kuti diso lake lichite manyazi.

"Tulukani! Sanachire!"

"Wachira, achemwali, musachite kaduka ndi ntchito ya Mulungu. Taonani mtundu! Taonani kufufuma! Abale anga, masabata awiri apitawo uyu anali msuzi. Lero ndi mkwatibwi. Ndani anachita zimenezi?"

"Dzanja la a Usta!" anayankha a Haji Bayumi, amene anali pa tambula yachitatu.

"Mwanena ndinu. Ndipo kuti mudziwe kuti nyama imathokoza kuposa anthu ena," apa anaponya diso kwa mlongo wake, "ndimupatsa moni pamaso panu. Wina aliyense atayesa angakagone kuchipatala. Koma ine amandidziwa."

Anayamba kupinda malaya. Fawzeya anaima pakati pa iye ndi kathanki, manja ali m'chiuno. Anawerenga amunawo. Anali oposa makumi awiri, kachipinda kakutentha kale ndi mpweya wawo, ndipo ankadziwa kuti sachoka mpaka ataona chimene abwerera. Wina akanatha kugunda tebulo. Wina akanatha kutayira chakumwa m'madzi.

"Kamodzi kokha, kenako nonse kunja," anatero. "Koma dzanja lonunkha perefyumu wa mandimulo silolowa m'madzi anga. Samba."

Anamuthirira madzi a m'chigubu pabeseni, namusambitsa yekha katatu mpaka m'chigongono, akukhula ndi ukali wa masabata awiri. Shehata anasandutsa zimenezo mwambo. Anakweza dzanja lonyowalo, nalitembenuza uku ndi uku kuti onse alione. Linali dzanja lokongola, tisanamizane, lofewa ngati la mwana wakhanda, dzanja limene zaka makumi atatu lakhala m'thovu la sopo ndi mafuta, losadziwa chigubu.

"Osati nsonga za zala ngati amantha," analengeza. "Dzanja lonse, ndi mkono womwe."

Analiviika. Fawzeya sanayang'ane dzanjalo, anayang'ana Dona, akudziwa kuti likabwerako lokha ndiye kuti zigubu zonse zija zapita pachabe.

Shehata anagoneka chikhatho ndi mkati mwa mkono pa tizala tobiriwira tija, natembenukira kwa anthu akumwetulira.

"Mwaona? Ngati mwana wa..."

Kumwetulira kunaima panjira. Tizala zikwizikwi tinamata khungu lake nthawi imodzi, ndipo m'mphepete mwa Dona munayamba kupindika, kukwera, kulikuta dzanja lija ngati mayi akufunditsa mwana.

"Mayo! Mayi anga ine! Moto! Achemwali, akundidya! Mavu! Chitedze! Ndichotseni!"

Anayesa kulikoka, kathanki kanagwedezeka, ndipo Fawzeya anamudumphira, namugwira chigongono ndi manja onse awiri, manja a zigubu, nalikanikizira m'madzi momwemo.

"Usakoke, bulu iwe, umung'amba!"

"Dzanja langa! Dzanja lodyera!"

"Ndati usakoke! Akusiya yekha akakulawa n'kuona kuti ndiwe wosakoma!"

Ndipo ali chigwirire mkono wa mlongo wake, misozi ikutsikira m'madzi amchere, Fawzeya anadzutsa mutu, natulutsa nthungululu imene inadutsa pakati pa amuna makumi awiri, kudutsa shopu, mpaka kukaimitsa minibasi pamsewu.